Phiri Loyamba la Yangji

Nyumba ya alendo ya a Shimojo,
m'mapiri a Nagano, Japan
12 Meyi 2004

Amake Yangji,

Moni wochuluka. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino inu, mwana ndi ziweto zonse. Ine ndinafika bwino, kudya ndikudya, mawondo sakudandaula. Nyumba tinaipeza itakwiririka ndi chipale chofewa mpaka kudenga monga chaka chilichonse, ndiye ine ndi Gyalzen, mnzanga wakwathu wogwira naye ntchito, tatha masabata awiri tikufukula khomo ndi mawindo. A Shimojo akupereka moni. Akalamba, koma diso lawo likadali pa chilichonse.

Mpanda wamiyala wa munda wakumtunda unagumuka pakona, ndinaiwala kukuuzani ponyamuka. Pezani munthu aukonze yaki, ng'ombe zathu za m'mapirizo, zisanalowe m'mbatatesi. Ndalama nditumiza mwezi wamawa kudzera kwa Nuru wa sitolo ku Namche. Kuno zinthu zakwera, mtengo wa kabichi mmodzi kwathuko mungagulire mbatatesi yodya sabata yathunthu.

Tsopano pali nkhani. Pa bwalo la ndege ku Kathmandu ndinakumana ndi munthu wina wa ku Thamo. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Madala, tamva kuti mwana wanu wamkazi akulowa ntchito yokweza alendo m'mapiri. Magazi sanama." Ine ndinaseka ngati ndikudziwa. Sindinkadziwa. Miyezi isanu ndinali pakhomopo, tikumwa tiyi wa m'ketulo imodzi, inu awiri kukamwa kuli tsekee.

Ndikudziwa kuti amene akukuwerengerani kalatayi ndi Yangji yemweyo, poti inu ndi ine sukulu tinangoionera kunja. Zilembo zangazi ndinaphunzirira m'tenti kwa munthu wophika, n'zopindika koma zimawerengeka. Ndiye iwe Yangji, werenga zonse, usadumphe mzere. Ndikadzabwera ndidzawafunsa amako mawu ndi mawu.

Tinapereka kale mwana mmodzi ku phiri, uja sitimutchula dzina. Ndinanena pamaliro kuti wachiwiri ayi. Ndiyankheni zinthu zitatu. Kodi n'zoona? Akumutenga ndani? Ayambira phiri liti?

Ndine mwamuna wanu,
Ongchu


20 Juni 2004

Amake Yangji,

Moni. Ndakondwa kumva kuti muli bwino ndiponso kuti mpanda wakonzedwa. Ine ndili bwino. Mvula yayamba, alendo ndi ochepa, ndiye masiku ano ndikuyala miyala m'njira.

Kalata yanu ndalandira. Kaya mawu ake ndi anu kaya ndi a mlembi wanuyo, sindikudziwa. Chikwatirane chathu sindinakumvenipo mukunena kuti "nthawi zasintha." Inu mumati "tiona." Mawu enawo mwawatenga kuti?

Mwati akumutenga ndi Karsang, kapitawo wa kampani ya ku Kathmandu. Mumaganiza kuti mukangoti kapitawo ndiiwala kuti ndi mwana wa Phinjo wa ku Thamo? Phinjo yemwe anatigulitsa yaki yotsimphina ataiimika m'matope kuti mwendo usaoneke. Mwana wa mbuzi amaonera amake kudya udzu.

Ndaganiza masiku ambiri. Mwana ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, miyendo ndi yake, sindingamumange chingwe ndili kutsidya kwa nyanja. Akwere. Koma phiri loyamba ndisankha ndine. Ntchito imeneyi ndaigwira zaka makumi anayi, ndipo zala zanga zonse zilipo.

Phiri la munthu woyamba silisankhidwa ngati nsalu pamsika. Uyenera kudziwa pobwerera usanadziwe pokwerera. Likhale loti mutu ukayamba kuwawa, kapena mtambo ukabwera, pofika madzulo ukhale uli pamalo pamene pali moto ndi anthu okudziwa. Nsonga si kanthu, nsonga imadikira.

Ndiye Karsang wasankha Mera. Akuti ndi lotsetsereka pang'onopang'ono, lotambalala, lopanda khoma loti n'kukugwetsera mwala. Zimenezo sindikukana, ndinakwerako kanayi. Koma afotokoze bwino chifukwa chimene akudutsira phiri lili kuseri kwa khola lathu n'kukasankha la kutali chonchija. Kutsika mpaka ku Lukla, kuoloka mpata, kulowa m'chigwa chopanda mudzi wa wachibale ngakhale mmodzi. Masabata awiri ndi theka, mwana wamkazi, matenti. Ine sindinabadwe dzulo.

Ndinamufotokozera Gyalzen tikuswa miyala. Iye akuti, "Achimwene, mwina mnyamatayo akungofuna phiri losavuta."

Ndinati, "Ndi mwana wako?"

Akuti, "Wanga anakwatiwa kale, ndimagona tulo."

Ndinati, "Ndiye gona, nyundoyo undipatse."

Phiri ndi Pachermo. Masiku awiri kuchoka pakhomo. Ku Thengbo kuli abusa a yaki odziwa Yangji kuyambira ali kumsana. Ndi lalifupi kuposa Mera. Ndinakwerako kasanu ndi kanayi, ndinakwezako mzungu wamimba ngati mbiya, wosuta fodya, ndipo anafika pansonga akuimba. Chipale chake n'chosalala kuyambira pampata mpaka pamwamba, mwana akhoza kutsetserekapo pa chikopa.

Mukauze Karsang choncho. Ndalama zili kwa Nuru, mukatenge nokha, musatume munthu.

Ongchu


28 Julayi 2004

Amake Yangji,

Moni kwa inu nonse. Chifuwa mwanenacho musachilekerere, pitani kuchipatala ku Khunde mvula ikapuma. Ine ndili bwino. Nyumba yadzaza, alendo akugona mothinana ngati nkhuni, ndipo nsapato zonyowa ndikuyanika mazanamazana.

A Shimojo andichotsa pa ntchito yosenza katundu kuchokera kumunsi. Akuti, "Ongchu-san, inu ndinu mwini njira, katundu asenze ena." Mawu okoma. Mawu okoma omwewo anamuuza mkulu wina amene ankagwira kuno, chaka chotsatira kalata yomuitana sinapite. Ndikuwayang'ana.

Chithunzi chimene Karsang watumiza ndachiona. Akuti ndi njira ya ku Pachermo chaka chathachi. Miyala yakuda yokhayokha, ayezi wong'ambika, khoma lopanda chipale. Akuti ayezi amene ankagwira miyala ya khomalo anasungunuka, ndiye tsopano miyala imagwa usana wonse, osati masana okha ngati kale. Akuti pamsana pa phiri patseguka ming'alu iwiri.

Chithunzi chilibe dzina. Munthu akhoza kujambula phiri lililonse n'kulitcha Pachermo. Ndinawaonetsa a Shimojo, anachiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Mmm." Anthu akuno akati mmm ndiye kuti ali ndi mawu koma akuwasunga. Gyalzen anati, "Chikufanana." Gyalzen anapitako kawiri kokha, ndipo ulendo wina anali ataledzera.

Mwandifunsa chifukwa chimene sindiimbira foni kwa Nuru kuti tikambirane pakamwa. Foni ya Nuru ili pakati pa sitolo, pafupi ndi thumba la shuga. Munthu ukamalankhula, Namche yense amasiya kugula. Nkhani za mwana wanga sindingaziyale pamsika.

Tsamba lotsatirali asawerenge Yangji. Mupite nalo kwa mkulu wanu Doka kunyumba yamapemphero akakuwerengereni.

Amake Yangji, tsegulani maso. Karsang ali ndi zaka makumi atatu ndipo sanakwatire. Atsikana ofuna ntchito ya m'mapiri alipo angapo, bwanji wathu yekha ndiye amamubweretsera nsapato ndi zingwe mpaka pakhomo? Mwanena nokha m'kalata kuti wabwera katatu ndipo mwamuphikira. Phiri silivunda ngati nyama. Wanena kuti Pachermo wavunda chifukwa ali pafupi ndi maso anu. Ndipo inu ndikukukayikiraninso, chifukwa kuyambira kale mumamuona ngati mkamwini. Ngati akufuna mwana, njira yake ilipo, si ya kuseri kwa mapiri.

Ndikunena komaliza. Akapita ku Mera, nkhwangwa yanga ya pa ayezi asaikhudze, mkungudza wa m'mawa musamufukizire m'dzina langa, ndipo ine ndikadzabwera... Zinazo mukuzidziwa. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera.

Ongchu


2 Sepitembala 2004

Amake Yangji,

Moni. Ndamva kuti chifuwa chatha, ndathokoza. Ine ndili bwino. Udzu wa yaki muyambe kumweta msanga, chaka chatha munachedwa ndipo unanyowa. Batala musagulitse wambiri, nyengo yozizira ndi yaitali.

Kalata yafika. Ya inu inali yaitali, ya mbatatesi ndi maliro a ku Thamo. Ya Yangji inali mizere inayi, ndiilemba pano kuti mudziwe zimene analemba, ngati sanakuwerengereni.

"Bambo, amayi aakulu a Doka maso awo saonanso zilembo, ndiye tsamba lachiwiri ndawerenga ndine. Sindinadumphe mzere. Ndipita ku Pachermo mvula ikatha. Karsang wati sangandisiye ndipite ndi wina, apita nane."

Chabwino. Ndi zimene ndinkafuna. Koma zatheka msanga kwambiri. Mwana ameneyu ali wamng'ono ankatha tsiku lonse akukana kuvala chipewa, lero wavomera phiri ndi mizere inayi. Ngati mwapangana zoti anyamuke ngati akupita kumtunda kenako n'kuzungulira kutsikira ku Lukla, dziwani kuti njira ya ku Mera imadutsa pakhomo pa Nuru, ndipo Nuru sasunga chinsinsi ngakhale cha mkazi wake.

Iwe Yangji, mvetsera. Ku Thengbo ukagone masiku awiri, usathamange. Kuchoka pamenepo njira imadutsa m'munsi mwa khoma lalitali la kudzanja lamanja. Pamenepo muzidutsa m'mamawa dzuwa lisanagunde khoma, miyala imakhala idakali yogwidwa ndi chisanu. Musaime, musadye, musajambule. Mukafika pampata mupeza phanga loti anthu asanu n'kugonamo. M'mawa mwake ukwere molunjika msana wa phiri, chipale chake n'cholimba bwino, chingwe n'chongolemekeza mwambo. Zitsulo za kumapazi uzimange wekha, usalole munthu akumangire. Dzuwa likafika pamutu usanafike pansonga, bwerera. Nkhwangwa ili kuseri kwa bokosi la mabuku a mapemphero, utenge. Musananyamuke mukaonane ndi alama, akulu a mapemphero aja, akupatseni tsiku labwino.

Ndikulemba izi Gyalzen anali akusuzumira. Akuti, "Achimwene, ku Pachermo munapondako liti komaliza?"

Ndinati, "Chaka chimene mlatho wa kwathu ku Thame unakokoloka."

Anawerenga pazala, zala zinatha, anayambiranso. Akuti, "Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi."

Ndinati, "Nanga phiri limasamuka?"

Anangobwerera ku ntchito yake. Anthu ayamba kundiyankha ndi chete masiku ano, ndipo sindikuzikonda.

Ongchu


26 Sepitembala 2004

Amake Yangji,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndili bwino ndithu, mwendo wakumanzere wokha ndiwo watupa pang'ono. Musade nkhawa, ndikuyenda ndi ndodo m'nyumba muno, ndipo ntchito yanga pakali pano ndi kusenda anyezi. Munthu amene anasenzapo katundu wolemera kuposa iye mwini, lero akulira ndi anyezi.

Munali mutamva kale za khwawa la chipale limene lili m'munsi mwa nyumba ino, limene alendo amaoloka pobwera. Chipale chake sichitha chaka chonse. Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikusema masitepe pamenepo m'mawa uliwonse, ndimalidziwa ngati khonde lathu. Mu Ogasiti a Shimojo anati tisamutse njira ipite m'miyala, akuti pansi pa chipale pakumveka madzi kwambiri chaka chino. Ndinawauza kuti chipale chimenecho n'chokhuthala kuposa nyumba, chifika mpaka chatsopano chigwe. Anati mmm. Njira ya alendo anaisamutsabe, ine ndinapitiriza kudutsa panga.

Lachiwiri lapitalo ndinanyowa pang'ono. Zambiri ndidzanena pakamwa. Chimene ndinaona ndili pansipo n'chakuti chipale chonsecho chinali chigoba chabe, chopyapyala ngati mbale, pansi pake mphako yoti galimoto n'kulowamo. Pamwamba chinkaoneka chimodzimodzi ngati zaka zonse. Gyalzen ndi a Shimojo anandikoka ndi chingwe. A Shimojo sananene kuti ndinakuuzani. Bola akananena.

Pokhala pansi masiku amenewa ndinatulutsanso chithunzi cha Karsang. Kumanzere kwake kuli mwala wooneka ngati chishalo cha kavalo. Mwala umenewo ndinaumangirirapo chingwe. Nthawi imeneyo unkangotulukira m'chipale kufika m'chiuno. Pachithunzipo waima wonse, wautali ngati nyumba ziwiri.

Sindikunena kuti ndasintha maganizo. Ndikungoti Yangji adikire. Nyumba ino titseka pa 3 Novembala, pofika pakati pa mwezi ndili pakhomo. Ndidzapita ndekha ku Thengbo ndikalione phirilo ndi maso anga, kenako tidzakambirana. Palibe chothamangira. Alama akapereka tsiku, muwapemphe lina.

Kalatayi ndaipereka kwa woyendetsa helikopita yobweretsa chakudya kuti akaiponye lero lomwe. Akuti masabata awiri ifika.

Ongchu


11 Okutobala 2004

Amake Yangji,

Moni. Kalatayi sindikudziwa kuti akuwerengerani ndani. Mwina ikhala pashelefu mpaka wowerenga abwere. Ndikulembabe, chifukwa manja akufuna chochita.

Nditatumiza kalata ija ndinayamba kuwerenga masiku. Mvula kwathu imatha kumapeto kwa Sepitembala. Alama sachedwetsa tsiku nyengo ikakhala yabwino. Ndinaona kuti kalata ndi mwana akhoza kuphonyana panjira. Ndinapirira sabata, ndinapirira yachiwiri. Loweruka, tsiku la msika ku Namche, ndinapita kwa a Shimojo n'kupempha foni. Zaka khumi ndi zinayi sindinaigwirepo. Anandiimbira okha nambala, kenako anatuluka n'kutseka chitseko. Ulemu umenewo ndidzaukumbukira.

Anayankha Nuru. Kumbuyo kwake kunkamveka msika wonse.

Akuti, "Ndani? A Ongchu a ku Thame? A Ongchu pafoni? Anthuni, khalani chete, kunja kugwa chinachake lero."

Ndinati, "Nuru, siya zoseka. Kalata yanga yapita kumudzi?"

Akuti, "Ili pano, yafika dzana. Ndimadikira munthu wa kwanuko."

Ndinati, "Yangji wamuona akudutsa kutsikira ku Lukla?"

Amake Yangji, miyezi yonseyi ndakhala ndikuopa kuti mundinamiza. Pa nthawi imene ija ndinkapemphera kuti mukhale mutandinamiza.

Nuru akuti, "Sanadutse kuno. Dikirani, pali mayi wa ku Thame akugula mchere." Ndinamva akufunsa. Kenako akuti, "Akuti ananyamuka Lachinayi ndi mwana wa Phinjo, kulowera ku Thengbo. Atenga nkhwangwa yanu. Akuti mudzi wonse ukudziwa kuti phiri munasankha ndinu."

Ndinati, "Peza munthu wa miyendo, athamange, akawabweze. Ndimulipira chilichonse."

Akuti, "Akawauze kuti chiyani?"

Ndinati, "Akawauze kuti ndati abwerere."

Akuti, "Madala, mwana wanu ndimamudziwa, ndi inu wachiwiri. Afunsa chifukwa."

Msika unali zii. Ndinkamva anthu akupuma. Ndinati, "Akamuuze kuti bambo ake analakwitsa. Chithunzi chija ndi cha Pachermo. Karsang ananena zoona."

Nuru sanaseke. Anangoti, "Ndamva," n'kuyamba kuitana dzina la munthu.

Ndawerenga mobwerezabwereza. Lachinayi kufika ku Thengbo. Ndinamuuza agone masiku awiri. Ngati wandimvera, anadutsa pansi pa khoma lija Loweruka m'mawa, ine ndisanagwire n'komwe foni. Ngati sanandimvere, anadutsa kale Lachisanu. Kulikonse wothamangayo wachedwa. Walira mvula walira matope.

Mkungudza kuno kulibe wofanana ndi wathu, koma kuseri kwa nyumba kuli kamtengo kofupika ka masamba onga singano. Ndikufukiza kameneko m'mawa uliwonse. A Shimojo saloleza moto panja, koma akumayang'ana kumbali. Gyalzen wasiya kundiseka, ndipo zimenezo zikundiopsa kuposa zonse.

Inu fukizani kawiri, zimene ndinalemba mu Julayi zija muziiwale.

Ongchu


25 Okutobala 2004

Amake Yangji,

Moni. Kalatayi abweretsa ndi Gyalzen, wanyamuka msanga chifukwa cha ukwati wa mphwake. Ine nditsala mpaka titseke nyumba. Mwendo ukuchira, ndodo ndaisiya.

Munayenda maola atatu kupita ku Namche kukandiimbira, munthu wongochira kumene chifuwa. Zaka makumi anayi mphambu zitatu tili limodzi, mawu anu pafoni ndinali ndisanawamvepo. Ndinangoti "eya, eya" ngati munthu wogontha. Nuru anali pomwepo, msika unali pomwepo. Zimene ndinalephera kunena ndi izi.

Ndibwereze zimene munandiuza, mundikonze ngati ndinamva molakwa. Anadutsa pansi pa khoma m'mamawa, dzuwa lisanatuluke, monga ndinalembera. Miyala inagwabe. Umodzi unamugunda Karsang paphewa n'kuthyola fupa, wina unang'amba chikwama chake. Yangji sanakhudzidwe. Anamukokera kuseri kwa thanthwe, anamumanga mkono ndi chingwe, anataya katundu, n'kumutsitsa yekha mpaka anakumana ndi wothamanga uja kumtunda kwa Thengbo. Tsiku lathunthu. Pansonga sanafike, ngakhale pampata sanafike.

Anthu akamanena kuti mwana wa Ongchu walephera phiri lake loyamba, muwauze abwere adzanene pamaso panga. Ndaona akapitawo otchuka akusiya munthu wovulala n'kuthamangira thandizo kuti asaone magazi. Kutsitsa munthu wolemera kuposa iwe pamiyala yoterera ndi ntchito imene ena amafika pokalamba asanaiphunzire.

Ndinakufunsani ngati Yangji ali nanu pafonipo. Munati ali panja. Ndinamva ndithu kuti ali pambali panu. Sindikudandaula. Munthu amene anawerengera amake mokweza tsamba ngati lija ali ndi ufulu wokhala panja.

Karsang ntchito ya nyengo ino yamuthera pomwepo, ndipo mwati adokotala sakulonjeza kuti mkonowo udzakwezanso katundu ngati kale. Mwalawo unali wanga. Ndinautumiza ndine kuchokera kuno, pa pepala.

Ndiye mverani. Mufulule mowa wa mpunga, wabwino, osati wa alendo, kuti pofika ine ukhale utapsa. Mugule kata kwa Nuru, nsalu yoyera yaitali ija ya silika, osati zotchipa zopatsa azungu pabwalo la ndege. Kwa Phinjo musapite inu. Musatume Doka, musatume alama. Ndidzasenza ndekha botolo kuchoka ku Thame mpaka ku Thamo, masana, anthu akuona, ndipo ndidzamuthirira mnyamatayo ndi manja awiri nditaimirira. Phinjo adzaseka. Aseke, ya yaki ija tafanana.

A Shimojo andifunsa ngati ndidzabwere chaka chamawa. Andifunsa okha, ine ndisananene kanthu. Ndinati ndikaganiza. Ndikuganizadi.

Iwe Yangji, ngati ndiwe ukuwerenga. Amako akuti ukufuna kukweranso mu Epulo. Phiri usandifunse ine. Mapiri amene ndinkawadziwa anasungunuka ine ndili kuno kuyala miyala ya eni, atsala ndi mayina okha. Funsa amene anapondako chaka chino, ndipo ukafunsa, ukalione wekha usanavomere, ngakhale wonenayo akhale bambo ako.

Koma chinthu chimodzi chikundivutabe, Amake Yangji. Munati mwala unamupeza Karsang chifukwa iye ankayenda mbali ya khoma, mwana atamuika mbali ya kunja. Njira imene ija ndi yopapatiza, anthu amayenda mondondozana, wina patsogolo wina pambuyo. Kuti munthu ayende mbali ya khoma ndiye kuti wachoka panjira dala, akuponda miyala yogwedera, ulendo wonse. Ndagwira ntchito ndi akapitawo ambiri, abwino ndi oipa, ndipo sindinaonepo ngakhale mmodzi akuchitira zimenezo wantchito wamba.

Ndiye pamenepo pokha sindinalakwitse. Mkono ukachira, mumuuze kuti ngati ali ndi mawu abwere nawo pakhomo, ndi amalume ake. Adzandipeza.

Ndine mwamuna wanu,
Ongchu